Chala Chopanda Mphete

Banja la wowotcherera zitsulo ndi mkazi wake wa ku labu linali losiririka, ndipo wotsutsa zimenezi ndiye kuti sanawaone. Mwamunayo anali ndi kashedi m'mbali mwa msewu momwe ankapangiramo mageti ndi mafelemu a mawindo. Pokonzekera ukwati anadzimana zambiri kuti agule mphete ziwiri za golide weniweni, osati zija zimasuluka zikangokumana ndi sopo. Mulungu anawadalitsa ndi mwana wamkazi, ndipo madzulo aliwonse bamboyo ankanyamula mwanayo paphewa kukachingamira mayi ake pa siteji.

Ku labuko, nyumba ya zoyezayeza, mkaziyo ankagwira ntchito yokonza miyala yoti ikayezedwe. Kampani yofufuza golide inkabweretsa matumba a miyala kuchokera kumene inkakumba. Iye ankaiumitsa mu uvuni, kuiphwanya m'makina, kuipera mpaka isanduke ufa wosalala, kenako n'kutapa pang'ono m'timatumba ta manambala kuti akatswiri akayeze. Akamaliza thumba limodzi ankatsuka makinawo poperamo mchenga woyera, kuopa kuti fumbi la mwala wina lingalowe mwa unzake. Golide amene ankafunidwayo amakhala wochepa kwambiri, moti kafumbi konyotsoka pa mphete kangathe kunamiza akatswiri, kampani n'kukagumula phiri lopanda kanthu. N'chifukwa chake panali lamulo lakuti mphete, ndolo ndi mikanda zizitsala m'kabati pakhomo. Poweruka aliyense ankasamba kaye, kuti fumbi la miyala lisakadwalitse ana kunyumba.

Mwamunayo ankazidziwa zonsezi, ndipo poyamba zinkamuseketsa.

"Ndiye kuti masana ndinu mbeta, madzulo akazi anga?" ankatero akumugwira chala.

"Mbeta yake yotuwa ndi fumbi ngati mbewa ya m'chigayo, angaifune ndani?" mkaziyo ankayankha, onse n'kuseka.

Nthabwala imeneyi ikanakhalabe nthabwala pakanapanda kubwera achemwali a mwamunayo. Iwowa banja lawo linali litatha, ndipo anafika ndi chikwama chimodzi komanso mtima wodzaza ndi mkwiyo. Munthu amene nyumba yake yapsa, nthawi zina utsi amauona ndi pamene palibe moto.

Tsiku lina anapita ku shedi kukasiya chakudya chamasana, n'kukhala pa chitini cha penti.

"Achimwene, ine sindifuna kupasula banja lanu," anayamba motero, monga amayambira onse opasula mabanja. "Koma ntchito yanji yomwe mkazi amavula mphete polowa, n'kusamba potuluka? Alamu anga amafika pakhomo akununkhira sopo ngati akuchokera ku ukwati. Inu mumafika mukununkha utsi."

"Ndi lamulo la kuntchito kwawo, achemwali."

"Eya, lamulo. Alamu anu aja nawonso anali ndi malamulo ambiri a kuntchito, mpaka tsiku lomwe ndinakapeza lamulolo litabereka mwana kumbuyo."

Wowotcherera anaseka, koma kusekako sikunafike mumtima. Atatsala yekha anawotcherera geti mokhota, chinthu chomwe anali asanachitepo. Nsanje siigogoda polowa. Imayamba ngati dzimbiri pansi pa penti, mwini chitsulo akuona ngati zonse zili bwino.

Patapita masiku anatseka shedi masana n'kupita ku labu kuja osauza munthu. Sanalowe pa geti. Anazungulira kuseri kwa mpanda, n'kukwera pa mulu wa njerwa pomwe ankatha kuona pa windo la chipinda choperera miyala.

M'chipindamo makina amalira moti ngakhale ukuwe, mnzako sangamve. Antchito amavala zotseka m'makutu, ndipo wofuna kulankhula amatukula chotsekera cha mnzake n'kuika pakamwa pakhutu penipeni. Mkaziyo ankagwira ntchito ndi bambo wina wachikulire yemwe onse ankangomuti aDazi, munthu wa zidzukulu zake, amene anamuphunzitsa ntchitoyo. Nthawi imeneyo aDazi anaona kuti sefa yang'ambika. Anayandikira, kutukula chotsekera khutu cha mkaziyo, n'kumuuza kuti asinthe. Anawonjezera kuti sefayo yakalamba kuposa iwo, ndipo mkaziyo anaseka n'kuwamenya paphewa ndi dzanja lopanda mphete.

Wa pa njerwa uja sanamve za sefa. Anangoona mlomo wa mwamuna pakhutu la mkazi wake, ndi kuseka komwe ankaganiza kuti ndi kwa iye yekha. Anatsika n'kubwerera ku shedi.

Madzulo amenewo sanapite ku siteji. Mkaziyo atangolowa m'nyumba, mafunso anayamba.

"Amakuuzani chiyani pakhutu mdala wadazi uja?"

"Mwayamba kundizonda, bambo a mwana?"

"Ndafunsa ine! Amakuuzani chiyani?"

"Za sefa! Muja simumveka, makina amasokosa. Aliyense amalankhula choncho, ngakhale abwana."

"Oho, ndiye ndi abwana omwe! Kani ndi ambiri eti? Paja masana ndinu mbeta."

Mawu omwe aja ankawaseketsa tsopano anatuluka ngati mpeni. Mkaziyo anagwetsa misozi.

"Tiyeni mawa mukalowe, mukaone nokha. ADazi ndi ofanana ndi bambo anga ondibereka."

"Ndikaone chiyani? Ndaona kale ndi maso angawa. Musiye ntchito imeneyo."

"Ntchito ndinaivutikira kusukulu, ndisiye chifukwa cha mabodza a alamu? Sindisiya!"

Achemwali aja anali kukhitchini, khutu lili kukhomo, akupukuta mbale yomwe inali youma kale.

Kuchokera tsiku limenelo m'nyumbamo munazizira. Mwamunayo ankanunkhiza malaya a mkazi wake, ndipo akangofika diso lake linkathamangira pa chala. Mkaziyo akachedwa, mlandu. Akafulumira, mlandunso, akuti chikumbumtima chamuthamangitsa. Ankhoswe anabwera, anaweruza, mwamunayo anapepesa pamaso pawo, koma atangochoka dzimbiri lija linapitiriza kudya. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu wansanje amafuna kuona lero lomwe, ndipo chomwe akufuna kuonacho amachionadi.

Loweruka lina ku labu anaweruka masana. Mkaziyo anali atangomaliza kusamba pamene woyandikana nawo nyumba anaimba foni kuti mwana watentha thupi. Anavala mothamanga n'kutuluka, kabati n'kuisiya yosatseka, mphete ili momwemo. ADazi potseka zitseko anaiona. Ankadziwa za moto womwe unali kunyumbako, pakuti mkaziyo ankafika kuntchito maso ali otupa. Anaganiza kuti akafika wopanda mphete kukhala nkhondo, choncho anaikulunga m'kampango kawo, n'kukwera njinga kuti akaipereke kwa mkaziyo, mwamuna wake asanaone. Chifundo chawocho n'chimene chinafulumizitsa tsoka.

Mwamunayo anali pabwalo akukonza chitseko cha nyumba yawo, chitsulo chili m'manja. Mkaziyo anamudutsa kuthamangira kwa mwana, ndipo diso lija linaona chala chili chokha. Asanatsegule pakamwa, njinga inaima pa geti. ADazi sanamuone mwamunayo chifukwa chitseko chinamutchinga. Anaitana motsitsa mawu.

"Mwana wanga, tatuluka msanga. Waiwala ichi."

Mkaziyo anatuluka. ADazi anapisa m'thumba la buluku, kumasula kampango, mphete ija n'kunyezimira padzuwa.

"Mphete ya mkazi wanga m'thumba mwako?" anakuwa wowotcherera akutulukira kuseri kwa chitseko. "Anaivulira kuti? Nena, mdala iwe, anaivulira kuti?"

"Pepani bambo, tamverani kaye, inali m'kabati…"

"Bambo a mwana, ikani chitsulocho pansi! Mwana akudwala m'nyumbamu!"

Koma makutu ake anali atatsekeka kuposa a anthu a m'chipinda choperera miyala chija. Anatukula chitsulo kulunjika pamutu pa aDazi. Mkaziyo analumphira pakati, manja ali m'mwamba, ndipo chitsulocho chinamupeza iye. Anagwa pafupi ndi njinga osalira n'komwe. Anthu anathamanga naye kuchipatala, koma anatsirizikira m'njira. Achemwali aja ndi amene analira mokweza kuposa onse, ndipo maliro asanaikidwe anali atanyamula kale chikwama chawo.

Kukhoti aDazi anapereka umboni. Anafotokoza za golide wochepa uja, za kabati, za phokoso la makina, ndi za sefa yong'ambika. Panalibe chachilendo ngakhale chimodzi. Zonsezo malemuyo anali atamuuza mwamuna wake ali moyo, akulira. Woweruza anati nsanje si chifukwa chochotsera moyo wa munthu, ndipo anagamula kuti akakhale kundende zaka zochuluka, zoti podzatuluka mwana wake adzakhala ali mayi wapanyumba pake. Mwanayo anamutenga amayi ake aang'ono a kuchikazi.

Atafika kundende anamulowetsa m'kachipinda kolandirira akaidi. Msilikali wa ndende anamulanda lamba ndi nsapato, kenako analoza dzanja lake.

"Vula mpheteyo."

"Bwana, chonde, iyi yokha ndisiyireni. Ndi ya ukwati wanga. Sindinaivulepo chivalireni."

"Ndi lamulo la kuno, aliyense amavula pakhomo," anatero msilikaliyo mosakwiya. "Tikusungira m'kabati. Kuvula mphete si kutha kwa ukwati, bambo."

Wowotcherera anaima ngati wamenyedwa ndi mphezi. Anaipotokola mpheteyo mpaka inatuluka, n'kutsala kamzere kotuwa pachala. Anayang'ana chalacho, ndipo anapeza kuti iye akumukondabe mkazi wake monga ankamukondera mphete ili pomwepo. Apo m'pamene anamvetsa kuti nayenso malemu, m'mawa uliwonse pakhomo la labu, ankavula chitsulo chokha, mtima n'kulowa nawo. Anakhala pansi pa simenti n'kulira ngati mwana, koma madzi akatayika saoleka.

Inu amene mumakonda, mnzanu akamalankhula mumvereni akadali ndi mpweya. Wowotcherera uja anakana kumva mawu aja a lamulo lovula mphete kwa mkazi amene ankamukonda, ndipo anadzawamva kwa msilikali wa ndende, chitseko chikutsekedwa kumbuyo kwake.