Mzere Umene Unakana Kufufutika

Hopewell anatseka ofesi ya makompyuta pakoleji 11 koloko ya usiku itadutsa kale. Akabaza onse anali ataweruka, choncho ulendo wa ku Mbedza unali wapansi, chiperoni chikutsika m'phiri la Zomba ndi kuzizira kolowa m'mafupa.

Chomuchedwetsa chinali nsanje, tisabise mawu. Zaka zisanu ndi ziwiri munthu akukwawa pansi pa matebulo ndi mawaya, koma amene anali pakamwa pa mabwana ndi Rosebell, mtsikana wongobwera dzana. Seva yatsopano, kompyuta yaikulu ya pakoleji, itakana kuona disiki yosunga malikisi a ophunzira, iyeyo ndiye anapanga modyulo, kapulogalamu kolowetsa mu kenelo, mtima wa makinawo, kuti izindikire disikiyo. Anaiika, disiki inaoneka, mabwana anaomba m'manja. Tsopano ankamutumiza kumaphunziro ku Nairobi. Hopewell zinkamuwawa mpaka chakudya kumukanika.

Usikuwo sanafufute kanthu, pakuti wopusa ndiye sanali. Anangotsegula fayilo ya mamodyulo oletsedwa n'kuwonjezamo mzere umodzi, dzina la modyulo ya Rosebell. Seva ikanayendabe bwinobwino mpaka tsiku loti magetsi athime. Poyakanso, disiki zii, malikisi osaoneka, ndipo aliyense akanati kamtsikana kaja kanachita zachibwana. Nairobi akanangoimvera pawailesi.

Atafika pakamlatho ka kumunsi kwa manda, anamva mapazi kumbuyo. Anaima. Mapazi aja anaimanso. Anayambapo... mgugu womwewo.

Pambali pake panali bambo wamtali, wa malaya oyera ndi tayi, chikwama cha laputopu yakalekale chili paphewa.

"Mwaweruka mochedwatu, achimwene," anatero bamboyo.

"Ntchito, bambo."

"Yoika kapena yoletsa?"

Hopewell anamuyang'anitsitsa. Mu ofesi muja anali yekha. Chitseko anachita kukhoma.

"Mzere wa 14 uja," bamboyo anapitiriza motsitsa mawu. "Mwanayo wakulakwirani chiyani? Kudziwa ntchito basi?"

Apa m'pamene Hopewell anaona chinthu. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi m'kuzizira muja. Pakamwa pa mlendoyo... osatuluka kanthu. Nsapato zake zinali zonyowa. Madzi ankadontha kuchikwama. Dontho. Dontho.

Anaphethira kamodzi. Palibe munthu! Mtsinje wokha ukulira pansi pa mlatho.

Liwiro lake linali la mtondo wadooka, osati lopita kwawo koma lobwerera kukoleji. Akachotse mzere uja, zithe. A Douglas, mlonda wokalamba wa pageti, anamutsegulira n'kumutsatira ndi tochi mpaka mu ofesi.

Hopewell anatsegula fayilo ija. Mzere wake unalipo, koma wina anali ataupha kale pouika chizindikiro kutsogolo. Pansi pake panali mawu atsopano: "Analemba ndi Hopewell, 10:52 usiku, kuti Rosebell achotsedwe. Ndaletsa ine, Umar Saidi."

Anafufuta. Mawu anabwerera. Analowa ngati mwini seva, wamphamvu zonse, n'kufufutanso... anabwereranso, dzina lake lili poyera.

"A Douglas, walowa muno ndani?"

"Palibe, bwana. Makiyi si muli nawo inu?"

"Nanga Umar Saidi ndi ndani?"

Mkuluyo anavula chipewa pang'onopang'ono. "Dzinalo mwalitenga kuti? Amenewo ndi amene anaika seva yoyamba pano, inu musanabwere. Ntchito ankaidziwa, anzawo sanakondwe. Wina anaseweretsa makina, malikisi anasowa, mabwana anawachotsa ntchito. Patatha sabata tinakawavuula pansi pa kamlatho ka njira ya ku Mbedza, chikwama chili paphewa. Chino ndi chaka chakhumi tiwaikire m'manda."

Kunja kunacha Hopewell akufufutabe, mawu akubwererabe. Hafu pasiti seveni chitseko chinatseguka, Rosebell analowa akupukuta mame pajuzi.

"Mwalawiratu, achimwene," anatero akumwetulira, monga ankachitira masiku onse. "Tasunthani pang'ono, ndiione seva yathuyi ndisananyamuke."

Anakoka mpando n'kukhala pambali pake, nayamba kuwerenga.