Madzi Amene Geraldo Anasintha

Pakhomo pa a Bartolomeu ndi mayi Inácia ku Lifidzi panali pa mtendere. Ndi chimanga ndi nyemba zawo anaphunzitsa mwana wawo Geraldo ku shikola ya mishoni, mpaka analembedwa ntchito yomasulira Chipwitikizi ku boma, ku Vila Coutinho. Mnyamatayo nzeru anali nazo, koma akamva wina akuyamikiridwa, chakudya sichinkatsika. Amene ankamuwawa koposa anali Tarsisio, mnzake wa m'kalasi, yemwe tsopano anali mphunzitsi m'mudzimo.

"Mwanawe, mtima umenewo uutaye," mayi ake ankamuuza. "Tarsisio wakulanda chiyani?"

Chaka cha 1971 mzungu wina wa famu kumtunda anamanga tanki losambitsiramo ng'ombe mankhwala opha nkhupakupa. Madzi otha ntchito ankawatayira mumtsinje womwe mudzi unkamwa. Mbuzi zinayamba kufa, ana kutsegula m'mimba, ndipo amayi anayamba kukatunga kutali, kuseri kwa phiri. Tarsisio analemba kalata yodandaula, mlandu unalowa ku boma. Mudzi wonse unangoti Tarsisio, Tarsisio.

Boma linaitana katswiri wa madzi wochokera ku Tete. Katswiriyo anatunga madzi a mumtsinje mu garafa, botolo lagalasi, n'kupatsa Geraldo kuti apite nayo ku boma panjinga, iye n'kupita kukadya kwa mzungu uja. Panjira Geraldo anaimitsidwa ndi Silvestro, kapitawo wa pafamupo.

"Achimwene, mukutuluka thukuta kunyamulira mnzanu ulemu?" anaseka Silvestro. "Akapambana mlanduwu, inu muzidzangomasulira mawu ake. Chitsime cha abwana si ichi? Madzi ndi madzi, angawasiyanitse ndani?"

Geraldo anakhuthula garafayo n'kuthiramo madzi a pachitsime. Sanalandire kanthu. Ankangofuna kuona Tarsisio atazolika.

Patapita milungu itatu pepala la chidindo linabwera: madziwo alibe chiphe. Geraldo yemweyo analimasulira pabwalo, mokweza. Tarsisio anamenyedwa m'manja chifukwa chonamizira mzungu, ntchito n'kumuthera. Tsiku limenelo Geraldo anadya mpaka kunyambita zala.

Loweruka akupita kumudzi, anakumana ndi mayi ake akuchokera kumtsinje, mtsuko pamutu.

"Mayi, madzi amenewo musamwe!"

"Chifukwa ninji? Miyendo yanditha ndi phiri lija. Garafa unanyamula ndiwe, pepala unawerenga ndiwe. Ena akukayikabe, koma ine ndawauza kuti mwana wanga sanama. Kapena pali china?"

Mawu anali pakamwa penipeni. Koma anaganiza za mudzi wonse ukukapepesa kwa Tarsisio, n'kuwameza mawuwo.

"Ayi, palibe," anatero. Anadzinamiza kuti mvula ikagwa itsuka mtsinjewo.

Mvula inachedwa. Amayi ena ataona mayi Inácia akutunga, nawonso anabwerera kumtsinje. Mu Novembala uthenga unafika kwa Geraldo ku boma kuti mayi ake akusanza ndipo sakuima. Anapalasa njinga ngati wamisala, n'kukumana ndi machira panjira ya ku chipatala cha mishoni. Wonyamula kutsogolo anali Tarsisio, ndi manja ake a zipsera. Anali ataima, mayi ake atawafunditsa kale nsalu kumaso.

Pamanda Geraldo anagwada n'kuulula zonse, anthu akumva. A Bartolomeu anatembenukira kwa iye.

"Wandiphera mkazi kuti mnzako asayamikiridwe?"

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anamulankhula m'moyo wawo wonse.

Achinyamata amene mwaphunzira, abale anu amamwa chimene inu mwati n'chabwino. Mukalola nsanje kukulamulirani pakamwa, bodza lanu silidzathera pa amene mukumuda, lidzayamba kupha amene amakukhulupirirani.