Oyilo wa M'khwawa

Pakhomo pa mmisiri wa matabwa uja sipankamveka mkangano, koma kulira kwa sowo ndi nyimbo za mapemphero. Ana onse anali atapita kumabanja awo, kupatula mzime, mnyamata waulemu wodziwa chiwongolero. Kampani yomanga mlatho waukulu ndi msewu itamulemba ntchito yoyendetsa galimoto ya thanki, mayi ake anagwada n'kuyamika Mulungu.

Ntchito yake inali yotenga oyilo wakutha wa m'makina ndi madzi otsukira simenti, n'kukataya kudzenje lakutali, kuseri kwa phiri, loyalidwa pulasitiki wokhuthala. Mayi woyang'anira zachilengedwe pamalopo anamuyendetsa m'mbali mwa mtsinje.

"Achimwene, mipanda ya nsaluyi taika kuti ngakhale matope asalowe m'madzi. Nanga oyilo? Kumunsiku anthu amamwa madzi omwewa. Ngakhale dontho lisagwere panjira."

Kumunsiko n'kumene kunakwatiwa mlongo wake wa mnyamatayo, ndipo anali ndi kamwana kakakazi kongoyamba kuyankhula.

Pantchitopo panali mkulu wina wosakaniza simenti, amene anzake ankamutcha Zachangu. Tsiku lina masana anatsamira chitseko cha thanki.

"Aphwanga, ulendo wonsewo chifukwa cha zinyalala? Khwawa lili pokhotera pomwepa. Tsegula mpopi, basi. Dizilo wotsala pofupikitsa ulendowo ndili naye womugula, ndiye tikakhale pamthunzi tinyowetse kukhosi."

"Nanga akandigwira?"

"Akugwire ndani? Mitengo ili ndi pakamwa?"

Ulendo woyamba anataya oyiloyo m'khwawamo akucheuka uku ndi uku. Wachiwiri anatsegula mpopi akuimba mluzu. Posakhalitsa anayamba kufika kunyumba maso ali psuu.

"Mwanangu, fungo ili si la dizilo," anatero mayi ake.

Bambo ake anaika sowo pansi. "Njira ya kudzenje ndi yafumbi lofiira. Bwanji thanki yako imadutsa pano matayala ali oyera? Mwana iwe, madzi saiwala khwawa."

"Bambo, inu dziwani za matabwa. Za makina tisiyireni ife."

Mvula yoyamba inagwa yamkuntho. Khwawa linadzaza, n'kusanzira zonse mumtsinje. Nsomba zinayandama mimba zili m'mwamba. Mbuzi za anthu zinayamba kugwa. Mnyamatayo anamva zonsezi ali pamowa, ndipo anangoitanitsa botolo lina.

Kenaka mlongo wake anatulukira pakhomo dzuwa lili paliwombo, wopanda nsapato, mwana ali lende kumsana. Milomo ya mwanayo inali itatuwa ndi zilonda.

"Achimwene, tithamangitseni kuchipatala! Wamwa madzi a kumtsinje, sakuleka kusanza."

Anawathamangitsadi, pa thanki yomweyo. Njira yonse mwanayo ankatsokomola kachifuwa kouma, kakang'ono ngati ka mwanawankhosa. Pofika pachipata cha chipatala, kachifuwako kanali katasiya.

M'mawa mwake bambo ake a mnyamatayo anamuitanira kumene ankapalira matabwa. Sanakalipe. Anayeza thabwa lalifupi, lalifupi kwambiri, n'kunena kuti, "Gwira apa." Mnyamatayo anagwira. Msomali uliwonse unkangokhala ngati ukulowa m'fupa lake, ndipo mpaka bokosi linatha bambowo sanamuyang'ane kumaso.

Mayi wa zachilengedwe uja anatsatira udzu wopserera kuchokera kumtsinje mpaka pokhotera, napeza mapazi a matayala a thanki. Apolisi atafunsa Zachangu, iye anatambasula manja.

"Ine ndimasakaniza simenti, bwana. Mwanayu sindimudziwa bwino n'komwe."

Mnyamatayo anakagwira ukaidi. Potuluka anapeza mlatho utatha, magalimoto akuuluka pamwamba pake, koma mayi ake ali kumanda. Anthu a kumunsi anali atasiya kutunga kumtsinje, akuyenda mtunda wautali kukasaka mjigo.

Mowa anausiya, kutchalitchi anabwerera, koma amakhala pa benchi lakumbuyo. Munthu akamupatsa madzi akumwa, amayamba wawanunkhiza, n'kuyang'anitsitsa m'kapumo ngati muli mawanga a oyilo. Wina akatsegula mpopi pafupi, iye amatembenuka msanga, chifukwa pansi pa phokoso la madzilo amamva kachifuwa kouma kaja. Azibusa anamupempherera, namuuza kuti Mulungu anakhululuka. Iye amakhulupirira, koma kachifuwako sikanaleke.

Mlongo wake sanamutukwanepo. Akakumana panjira amaima, n'kunena modekha kuti, "Mwaswera bwanji, achimwene?" Akatero amapitirira, nsalu yake ili yopanda kanthu kumsana. Mnyamatayo amati bola akanamumenya ndi mwala.

Inu achinyamata, mukapatsidwa ntchito yoteteza anthu amene simukuwaona, musaidule njira chifukwa cha ulesi kapena botolo. Wokunyengani adzakukanani dzuwa likuswa mtengo. Ndipo chimene mwataya mobisa sichifera pomwe mwachitayapo ayi. Chimatsetsereka, n'kukamwedwa ndi munthu wosalakwa, mwinanso wa magazi anu omwe.