Foni Yodziwa Chisa cha Alesi

Alesi anali ndi chinsinsi. Chinsinsicho chinali chisa cha nkhwali. Chinali pansi pa chitsamba cha tiyi. M'chisamo munali mazira. Alesi ankafuna kudzaona anapiye.

Sanauze munthu. Makamaka Zakeyu, mchimwene wake. Zakeyu uja akaona dzira, mate chuchuchu!

Amayi ankathyola tiyi ku esiteti. Ankalawirira, foni n'kuisiya pa sola. Ikadzadza, Alesi ankawapititsira. Panjira ankakhota. Ankasuzumira chisa chake.

Tsiku lina kunagwa chiperoni. Nkhungu inameza phiri. Inameza mitengo. Inameza njira. Kunali zii.

"Ting!" inalira foni m'thumba.

Alesi anaitulutsa. Pagalasi panali mawu: "Wayandikira pamalo ako a masiku onse."

Alesi anayang'ana kumbuyo. Kunalibe munthu. Anayang'ana kutsogolo. Kunalibe munthu. Nkhungu yokhayokha. Tsitsi linamuima.

Mawa lake anadzera njira ina. Anayenda monyang'ama.

"Ting!" inalira foni. "Lero wasintha njira."

Alesi anathamanga. Patapata imodzi inatsalira m'matope!

Madzulo Zakeyu ankaseweretsa foniyo pakhonde.

"Iwe Alesi, tabwera," anatero. "Taona mapu awa. Taona kamzere aka. Tsiku lililonse umakhota apa. Pali chiyani?"

"Palibe kanthu, achimwene."

"Chabwino. Mawa ndikaona ndekha. Nditenge mchere?"

Mtima wa Alesi unagunda. Gu! Gu! Gu! Anayang'anitsitsa mapu aja. Anaona kamzere kena.

"Nanga aka n'ka ndani?" anafunsa mokweza. "Loweruka foni mumatenga ndinu. Mumati mukukajambula nyimbo kukwaya. Amayi, kodi kwaya inasamukira ku vidiyo?"

Zakeyu anatsokomola. Chifuwa analibe, koma anatsokomola.

Amayi anabwera. Anaona kamzere ka Alesi. Anaona kamzere ka Zakeyu. Kenako anaona kachitatu. Kanali kawo. Tsiku lililonse kankaima kwa mayi Doris ogulitsa mandasi.

"Hii, amayi!" anatero Alesi. "Si mumati mandasi amaononga mano?"

Amayi nawonso anatsokomola.

"Foni iyi ilibe m'bale," anatero. "Imasunga ponse tapita. Imauzanso anthu akutali."

"Anthu ake ati?" anafunsa Alesi.

"Sitiwadziwa, mwanawe. Koma iwo amatidziwa."

Nkhungu inafika pakhonde. Foni inkawala yokha pamphasa, ngati diso.

Amayi anaitola. Anafufuta timizere tonse. Anadina malo ena.

"Ndaitseka diso," anatero. "Tizilitsegula tikasochera basi."

Kenako anatembenukira kwa Zakeyu. "Iwe, za kwaya tikambirana. Ukakhudza cha mlongo wako, tikambirana kawiri."

"Sindikhudza," anatero Zakeyu. Mawu ake anali aang'ono ngati a mbewa.

Lamulungu anapita onse atatu kuchisa kuja. Foni anaisiya pawindo. Alesi anatsogola. Nkhungu inalipo, koma palibe chinalira m'thumba.

Alesi anatukula masamba pang'onopang'ono.

"Piyo! Piyo! Piyo!"

Anapiye! Timitu tinasuzumira pansi pa phiko la nkhwali.

"Aa, akongola," ananong'ona Zakeyu. Mimba yake inalira, kurrr!

Amayi anaseka chapansipansi. Anamasula kachitenje.

"Eni, nawa mandasi," anatero. "Koma musakaiuze foni."