Mpando Wakutsogolo wa Vani ya Gervazio

Gervazio Zuze anali ndi vani imodzi, mkazi mmodzi, mwana mmodzi, ndi nsanje yokwanira anthu khumi. Vaniyo anamusiyira ndi malemu bambo ake. Kale inali yoyera, koma pofika m'manja mwake dzimbiri linali litaidya mpaka m'zitseko. M'mawa uliwonse ankaiimika pafupi ndi mashopu opikulitsa katundu ku Limbe kudikira woti amunyamulire katundu, ndipo masiku ambiri ankabwerera ku Chimwankhunda atangonyamula fumbi.

Chimene chinkamupha ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Chaka chilichonse vani inkayenera kukayezedwa, ndipo chaka chilichonse inkalephera. Akakonza nyali, oyeza ankapeza utsi. Akakonza utsi, ankapeza matayala. Popanda sitika ya COF pagalasi, eni mashopu sankamupatsa katundu, chifukwa palibe amene amafuna kuti matumba ake a shuga agone pa rodibuloko.

Pomwe iye ankavutika chonchi, Ellard, mnansi wake, anali ndi vani yatsopano imene inkangolowa koyezera ndi kutuluka ngati yapita kukapereka moni.

Munthu wa nsanje sachedwa kumva kumene kuli thandizo. Kuseri kwa sitesheni ya sitima kunali mkulu wina, a Chrispine, wogulitsa zitsulo zakale za galimoto. Ankavala ovolosi, koma m'manja mwawo munalibe girizi. Gervazio anawapeza masana dzuwa likuswa mtengo, atakhala pa injini yakufa.

"Ndamva kuti inu mumakonza galimoto popanda sipanala," anatero Gervazio.

"Amene anakuuzaniyo anakuuzaninso mtengo wake?"

"Mtengo timakambirana, bwana. Kuno ndi ku Limbe."

A Chrispine anamwetulira. "Ine sindikonza kanthu, achimwene. Vuto ndimangolisamutsa. Vani yanu idzayenda chaka chonse osadwala. Sabata yokayezetsa ikakwana idzakuonetsani nthenda yake. Tsiku loyezetsalo, pampando wakutsogolo pakhale munthu. Nthendayo idzachoka m'vani n'kulowa mwa iyeyo."

Munthu wanzeru akadatsanzika pomwepo. Koma Gervazio anakulira mumsika, ndipo kwa iye mawu oyamba a wogulitsa anali poyambira chabe.

"Nanga nditaikapo mbuzi?"

"Mbuzi imakwera kumbuyo."

"Wamatola wongomutola panjira?"

"Wodya m'nyumba mwanu tsiku ndi tsiku."

"Aaa, bwana, tichotsereniko pang'ono. Kamodzi pa zaka ziwiri."

"Boma limayeza chaka chilichonse. Lamulolo sindinaike ndine."

Gervazio anakanda m'mutu. Kunyumba kwake kunali mlamu wake January, mchimwene wa mkazi wake Salome, amene anachoka ku Bangula kudzasaka ntchito ndipo ntchito imene anaipeza inali yotsiriza ndiwo. Atamukumbukira, mtengo uja unayamba kuoneka wotsika.

"Chabwino. Nanga basela?"

A Chrispine anaseka mpaka kutsokomola. "Mwayamba ndinu kupempha basela pano. Nayu: katundu adzakusakani yekha, ndipo chuma chidzakutsatani. Koma tsiku limene sitika idzatha musanamate ina pagalasipo, zonse zidzabwerera kumene zinachokera."

Anatenga kachikwama kachikopa, kakuda, kofunda ngati kali ndi moyo, n'kukasokerera pansi pa mpando wakutsogolo. Gervazio anachoka akuyimba likhweru, poganiza kuti wamudyera mkuluyo.

Sabata yomweyo, imene inali yokayezetsa, nyali zonse za vani zinazima. Lachisanu Gervazio anati, "Alamu, tiyeni mundiperekeze, mukaoneko tauni." January anavala malaya ake a kutchalitchi n'kukhala kutsogolo, chigongono pawindo. Woyeza atati ayatse nyali, zinawala mpaka iye anaphimba kumaso. Analowa m'dzenje pansi pa vani ndi tochi, anaiyendetsa pamakina, n'kutuluka akupukusa mutu. "Nkhalamba iyi mwaidyetsa chiyani?" anafunsa, akusayina.

Pobwerera, atafika pa Chichiri, January anati, "Alamu, kodi mvula ikubwera? Kwachita mdima." Kunja kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Pofika Lamulungu sankaonanso chala chake. Kuchipatala anamuyeza n'kunena kuti m'masomo sakupezamo vuto.

Basela uja sanachedwe. A Nizam, mwini shopu yaikulu yopikulitsa, anasiya vani ya Ellard n'kuyamba kutuma Gervazio. Ena anatsatira. Chaka chisanathe anali ndi malole awiri ndi nyumba ya mpanda ku Mandala. Gervazio anamumangira January kachipinda kuseri ndi kumugulira wailesi, ndipo kutchalitchi anthu ankamutamanda kuti ndi munthu wosamala abale.

Chaka chachiwiri, sabata yokayezetsa, vani inayamba kutulutsa utsi wakuda wokhuthala ngati wa matayala oyaka. Gervazio anamutenganso January, koma pamene ankamukweza, chitseko chakutsogolo chinakana kutseguka. Anamvetsa: vani sinkafuna munthu yemwe yamugwiritsa kale ntchito. Anayang'ana nyumba, anayang'ana malole, kenako anayang'ana mkazi wake akuyanika zovala.

"Mayi a Atikonda, siyani zimenezo. Tiyeni tikadye chipisi m'tauni, ngati kale tili pachibwenzi."

Salome anasangalala mpaka anadzola mafuta onunkhira. Koyezera, paipi ya utsi inatulutsa mpweya woyera. Madzulo ake Salome anayamba kutsokomola, ndipo pakansalu kake pankatsala zakuda ngati mwaye. Mankhwala a TB sanathandize. Mayiyu, amene kale ankatsogolera kwaya, anayamba kupumira pakati pa mawu awiri alionse.

Chaka chachitatu, Lolemba la sabata ija, Gervazio anaponda mabuleki potuluka pageti ndipo phazi linangomira mpaka pansi. Vani inakaima yokha pampanda. Anakhala mmenemo nthawi yaitali, thukuta likutsika. M'nyumba munatsala munthu mmodzi amene sanakhalepo pampando uja: Atikonda, mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi.

Anathamangira ku Limbe. A Chrispine anali pa injini yomwe ija, ngati sanadzukepo.

"Bwana, ulendo uno ndi mabuleki. Watsala mwana yekha. Tikambiranenso."

"Tinakambirana kale. Basela munatenga."

"Nditaitana munthu adye kwanga sabata ino?"

"Ameneyo ndi mlendo."

"Nanga mpandowo utakhala wopanda munthu?"

"Kutsogolo kuli mipando iwiri, achimwene."

"Palibe njira ina?"

"Ilipo, ndipo ndi yaulere. Isiyeni sitikayo ithe Lachisanu. Mubwerera ku Chimwankhunda ndi mwana wanu wathunthu."

Gervazio anaganiza za Chimwankhunda. Anaganiza za Ellard akumuona akutsitsa mipando m'nyumba ya lendi. Pobwerera anadzera mushopu n'kugula kadiresi kofiira.

"Ati, Lachisanu sukulu usapite," anatero pachakudya. "Uvale aka, ukhale kutsogolo ndi adadi. Tikagula ayisikirimu."

Mwana analumpha ndi chimwemwe. January, yemwe ankadyera pakhomo la kukhitchini, anasiya kutafuna. Gervazio atatuluka m'mawa mwake, January anaitana mlongo wake.

"Salome, chifuwachi chinayamba tsiku liti?"

"Tsiku lija la chipisi."

"Munayamba mwadzera kuti?"

"Koyezetsa vani."

"Unakhala pati?"

Salome anayang'ana maso oyera a mchimwene wake, kenako kadiresi kofiira kali pachingwe. Pofika masana, atatuwo anali m'minibasi yotsika ku Bangula, osatenga ngakhale supuni ya ku Mandala.

Lachisanu linamupeza Gervazio yekha m'nyumba ya zipinda zisanu. Njira yaulere ija inali ikadalipo. Ankangofunika kukhala pansi mpaka dzuwa lilowe. Koma anadziuza kuti dalaivala si wokwera, kuti mkulu uja ankangomuopseza monga achitira ogulitsa onse. Analiza vani, ndipo inayenda bwinobwino mpaka koyezera, ngati ikudziwa njira.

Pamakina, matayala anagwira nthawi imodzi. "Mabuleki ngati a galimoto yongotsika kumene pasitima!" anatero woyeza. "Katengeni sitika pawindo apo, bwana."

Gervazio anatsika akumwetulira. Anayenda kulunjika pawindo. Anafika pawindo. Anapitirira pawindo. Mayi wa mkatimo anatulutsa dzanja ndi sitika, akuitana, "Bambo! Bambo Zuze!" Iye anagwira chitsulo cha geti ndi manja awiri, koma miyendo inamukoka mpaka zala zinataya. Anatuluka mumsewu akukuwa kuti wina amugwire.

Anamugwiradi, amuna anayi. Anamumanga pabedi kuchipatala, mapazi akupalasa m'mwamba mpaka zingwe zinadula khungu, ndipo atamumasula kuti amutsuke mabala anatulukanso. Sitika ija sinamatidwe. Mwezi usanathe lole imodzi inapsa, ina inagwera kuphompho, a Nizam anabwerera kwa Ellard, ndipo nyumba ya ku Mandala inang'aluka kuyambira pamaziko.

Anthu a mumzinda anamuzolowera. Ankachoka ku Limbe kupita ku Blantyre, n'kubwereranso, nsapato zitatha, akudya nthochi zimene amayi ogulitsa ankamuponyera. Oitanira minibasi ankamukuwiza kuti, "Pewani, akubwera opanda mabuleki!" Akadutsa kuseri kwa sitesheni ankafuula, "Bwana, tikambirane!" A Chrispine ankangokweza dzanja, monga munthu apatsira moni kasitomala wakale.

Anamupeza m'mawa wina wa mwezi wa Juni atagwa pafupi ndi mlatho wa Mudi, thupi litazizira. Amene anamunyamula amanena kuti zidendene zinali zikukandabe dothi.

Ku Bangula, Atikonda amathamanga ndi kuima pamene wafuna. Amatsogolera amalume ake kutchalitchi ndipo amawatungira madzi amayi ake.

Inu amene mukufuna chuma cha msangamsanga, dziwani kuti wogulitsa mankhwala otere sachotsera mtengo, ngakhale mukhale katswiri wonenerera. Dyera limayamba ndi kupereka munthu amene simumufuna, kenako amene mumamukonda, potsiriza inu nomwe. Galimoto ikalephera koyezera, pitani nayo kwa makaniko.