Majowajowa a Kaputeni

Pochokera kusukulu, Kaputeni anapeza nkhondo ili mkati. Amayi ake anaima pakati pa balaza atagwira tsache, ndipo achemwali ake anali khuma pa sofa, mapazi otupa atawasanjika pa kampando.

"Kungotuluka pang'ono, ndikupeza munthu akusesa khonde!" Amayi ankakalipa. "Ukufuna amuna ako akabwera ku ulendo adzati ndinakusandutsa wantchito? Khala pansi, ndanena!"

"Ndakhala kale, Amayi," achemwali anayankha motsitsa mawu.

Achemwaliwo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Amuna awo ankayendetsa galimoto yaikulu yonyamula katundu ndipo ankakhalitsa pamsewu, n'chifukwa chake iwo anabwera kudzadikirira kwa Amayi. Chilowereni m'nyumbamo, Amayi anawasandutsa dzira. Kutsuka mbale, ayi. Kuyanika zovala, ayi. Kupita kugolosale ya pakona pomwepa, kumeneko ndiye ngati wanena zokakwera phiri. Munthu ankangochoka pabedi kupita pa sofa, kuchoka pa sofa kubwerera pabedi. Msana unayamba kuwawa, mapazi kutupa, tulo osabwera.

Zimenezi zinkamudya moyo Kaputeni. Dzinali anamupatsa ndi anzake a Fomu 3 chifukwa ndiye ankatsogolera timu ya mpira wamanja, ndipo linamutsatira mpaka kunyumba. Mtsikanayu sankadziwa kumeza mawu. Chinkamupweteka kwambiri n'chakuti amene anamuphunzitsa kugwira mpira anali achemwali akewo, munthu amene kale akalumpha pabwalo anthu ankachita kuimirira. Lero munthu yemweyo azipempha chilolezo kuti akaime pageti? Zamanyazi!

"Amayi, pakati si matenda," anatero Kaputeni akuponya chikwama pansi. "Kusikelo anawauza kuti aziyenda tsiku lililonse. Si choncho, achemwali?"

"Anatero, kungoti anati..."

"Mwamva? Anatero!"

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe wabereka angati? Ine ndikudziwa kuwawa kotuluka m'chipatala chimanjamanja. Anesi akowo sanalire nane. Tola chikwamacho, ukavule yunifomu."

Kaputeni anatola chikwama, koma mtima unali ukuwira. Anamenyetsa chitseko cha kuchipinda mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Loweruka linafika. Amayi anali telala, ndipo Loweruka ndilo linali tsiku limene makasitomala ankadzaza kashopu kawo. Koma tsiku limenelo anachedwa kunyamuka. Anafuna sizasi, anafuna magalasi omwe anali pamphumi pawo, anabwereranso pageti kudzalangiza kuti wodwalayo asayerekeze kunyamula ngakhale ketulo. Pomwe ankazimiririka pakona, dzuwa linali litakwera kale, malata akuthetheka.

"Achemwali, valani nsapato," Kaputeni anatero, wezulo ili kale m'khosi. "Lero mutuluka m'ndende."

"Dzuwa limeneli? Bwanji tidikire madzulo?"

"Madzulo apolisi athu akhala atabwera. Tiyeni!"

Achemwali anaseka kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo. Anali atatopa nawo makoma. Anavala nsapato zawo zakale zothamangira, zingwe n'kuzimanga mosathina chifukwa cha kutupa, ndipo awiriwo anatuluka ngati mbava. Madzi sanatenge. Ku timu ya Kaputeni madzi ankamwa pomaliza, ati kumwa pakati pa majowajowa kumalemeretsa thupi.

Bwalo la sukulu linali zii. Udzu unali wouma, mizere ya laimu itafufutika, ndipo mthunzi unali kutali, kuseri kwa makalasi. Poyamba zinthu zinayenda bwino. Anazungulira bwalo pang'onopang'ono, achemwali akutambasula manja, kamphepo kakuwaomba kumaso.

"Ee, koma kunja kumakoma," anatero. "Ukukumbuka tsiku lija ndinachinya mpira womaliza pagolo ili, iwe n'kulira ngati..."

Wezulo inalira.

"Pabwalo pano palibe chemwali, pali kaputeni ndi wosewera. Pakamwa potseka, miyendo ndiyo iyankhule!"

Limeneli linali lamulo lake ku timu. Mtsikana wocheza pa majowajowa ankamuonjezera kuzungulira bwalo, ndipo timuyo inkawina, choncho Kaputeni ankakhulupirira kuti lamulolo ndi mankhwala a chilichonse. Sanaime n'komwe kuganiza kuti wosewera wa lero wanyamula munthu wina m'thupi.

Anaonjezera liwiro. Kuyenda kunasanduka kuyenda ndawala, ndawala inasanduka kuthamanga. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa achemwali, bulauzi n'kumatirira kumsana. Ankapuma wefuwefu, dzanja limodzi litagwira pansi pa mimba.

"Iwe... tapumeko..."

"Kutopa kuli m'mutu! Si inu munkandiuza choncho? Amayi akufooketsani, achemwali. Mukufuna tikawauze kuti ankanena zoona?"

Koma abale, pakamwa pa mwana ameneyu! Anadziwa pobaya. Achemwali analuma mano n'kupitiriza, chifukwa munthu amene anakhalapo katswiri safuna mng'ono wake amuone atagonja. Atamaliza kuthamangako, Kaputeni anayala juzi lake paudzu.

"Tsopano za msana. Gonani chagada, muzikweza miyendo. Ndikaimba wezulo, m'mwamba!"

Achemwali anagona chagada dzuwa likuwaswa kumaso. Anakweza miyendo kamodzi, kachiwiri, kenako miyendo ija inangogwa yokha. Nkhope inachita mbuu. Anayesa kudzuka, koma anayenda dzandidzandi n'kugwada pansi.

"Chizungulire," ananong'ona. "M'maso mwada. Mimba yalimba gwa." Anaika manja onse awiri pamimbapo n'kukhala chete ngati akumvetsera. "Mwana... sindikumumva."

Wezulo inagwa pakamwa pa Kaputeni. Ukaputeni wonse unathera pomwepo, panangotsala kamtsikana kamantha.

"Mayo ine! Achemwali! Thandizeni, anthuni!"

Mwamwayi, mphunzitsi wina amene ankakhala m'nyumba za pasukulupo ankatsuka galimoto yake. Anathamanga sopo ali m'manja, ndipo sanafunse zambiri. Anawagoneka achemwali cham'mbali pa mpando wakumbuyo, anawapatsa madzi, n'kuliza galimoto kulowera kuchipatala. Njira yonse Kaputeni anagwira phazi la achemwali ake. Ankangoganiza chinthu chimodzi: mwanayo akachoka, wamupha ndi iyeyo.

Kuchipatala anesi analowa nawo m'chipinda n'kutseka chitseko. Kaputeni anatsala pa benchi ya m'khonde, pomwe pankanunkha mankhwala okolopera. Mphunzitsi uja anali atawaimbira kale Amayi, ndipo sipanapite nthawi iwo anatulukira, tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi, ulusi uli mbwee pa siketi.

"Wandiphera mdzukulu!" anakuwa asanafike n'komwe. "Mwana wosamva iwe! Ndinanena kapena sindinanene?"

Kaputeni anali ndi mantha, koma ngakhale pamenepo lilime silinagone.

"Mukanawalola kuyenda ngati munthu, bwenzi titatuluka mobisala? Mwawasunga ngati nkhuku ya m'khola!"

"Ukundiyankha? Wathamangitsa munthu wapakati dzuwa lili paliwombo, ndiye ukundiyankha?"

Anthu a pa mabenchi anatembenuka onse. Chitseko chinatseguka, ndipo nesi wamkulu thupi, wa magalasi, anasuzumira.

"Pano si pamsika," anatero. "Ngati ndinu abale ake, lowani. Koma phokoso mulisiye panja."

Achemwali anali atagona chakumanzere, diripi ili padzanja. Nesi anapaka mafuta oterera pamimba n'kuyendetsapo kamakina. Poyamba kankangomveka kuwayawaya. Amayi anagwira chitsulo cha bedi. Nesi anasuntha kamakinako pansi pang'ono, ndipo mwadzidzidzi chipinda chonse chinadzaza ndi kugunda kofulumira, thi thi thi thi, ngati makina osokera a Amayi akagwira mzere wautali.

"Ndi ameneyo," anatero nesi. "Ali bwino. Wangodandaula nawo mayi ake."

Amayi anakhala pansi penipeni, pa simenti, n'kuphimba nkhope ndi manja. Kaputeni analira mosabisa, mamina ndi misozi pamodzi.

"Thupi linatenthedwa, madzi anachepa," nesi anapitiriza akupukuta mimba ija. "Kuonjezera apo munagona chagada. Pa miyezi imeneyi mimba imapsinja mtsempha waukulu wa magazi mukagona choncho, n'chifukwa chake m'maso munada. Lero mwapulumuka, koma si masewera."

"Mwamva?" Amayi anadzuka mphamvu zitabwerera. "Auzeni, anesi! Kuyambira lero sasunthanso pa sofa!"

"Ayi, mayi, zimenezonso ndikana. Mapazi awa ndi msanawu zikufuna munthu woyenda. Kuyenda kumathandiza magazi, kumabweretsa tulo, ndipo tsiku lochira adzafuna mphamvu." Nesi anatembenukira kwa achemwali. "Koma inu ndimakuonani kusikelo, mumakhala kutsogolo. Tinakuuzani chiyani?"

Achemwali anayankha maso ali kukhoma.

"Munati ndiziyenda m'mawa kapena madzulo kukazizira, botolo la madzi lili m'manja. Munati liwiro labwino ndi limene ndingathe kucheza ndi mnzanga ndikuyenda, mawu akayamba kuduka ndiye kuti ndapyola. Zolumphalumpha ndi zogona chagada munaletsa. Ndipo munati ndikamva chizungulire, kupweteka, kapena ndikaona magazi, ndisiye pomwepo ndibwere kuno."

Kaputeni anatsegula pakamwa.

"Ndiye munkadziwa zonsezi? Bwanji simunandiuze?"

Apa ndiye achemwali anatembenuka. Kaputeni anali asanawaonepo maso atafiira choncho.

"Ndikuuze nthawi yanji? Unandifunsa? Tsiku lija ndinangoti 'kungoti', iwe wandilanda kale mawu. Lero ndati tidikire madzulo, wakana. Ndati ndicheze, wandiimbira wezulo ngati galu; ndati tipume, wanditonza. Sunkafuna kundithandiza iwe, unkafuna kuwina Amayi!"

"Muuze!" Amayi anathirira ndemanga.

"Nanunso, Amayi! Ndakhala ndikukuuzani zimene ananena kusikelo, inu mumangoti khala pansi. Ndikudziwa kuti munaona zowawa, ndipo ndimakumverani chisoni. Koma mwana uyu ali m'thupi mwanga. Wina akundikokera pa sofa, wina akundikokera pabwalo, ngati ndine mpira wolimbirana. Ndani mwa inu anayamba wandifunsa kuti ndikumva bwanji?" Anaika dzanja pamimba. "Ndiponso ine ndemwe ndine chitsiru. Ndimadziwa chilichonse, koma ndinaopa kuoneka wofooka pamaso pa mwana wa Fomu 3. Ndikanataya mwana wanga chifukwa cha manyazi."

Amayi anachotsa tepi ija m'khosi n'kuyamba kuipindapinda. Kaputeni, amene sankasowa yankho ngakhale pamaso pa ahedi, anangoyang'ana zala zake za kumapazi. Nesi anakonza diripi n'kutuluka mwakachetechete.

Achemwali anawatulutsa tsiku lomwelo, atawalamula kupuma kaye masiku angapo. M'nyumba munalowa bata lachilendo. Kaputeni anapepesa, achemwali anangogwedeza mutu, ndipo kugwedeza kumeneko kunamupweteka kuposa mbama. Achemwali atabwereranso kusikelo, anesi anawapima n'kuwalola kuyambiranso kuyenda.

M'mawa wotsatira kunja kukadali kachisisira, Kaputeni anamva kukhwekhwereza kwa nsapato pabalaza. Anadzuka msanga n'kuvala zake. Anapeza achemwali atakonzeka, ndipo pambali pawo panaima Amayi, atavala nsapato zafulati ndi juzi lalikulu, nkhope ili ngati ya munthu amene akupita kukachotsa dzino.

"Tingofika pa mphambano n'kubwerera," achemwali ankawauza. "Ndikatopa ndinena, ndipo mukatopa inu munenenso."

"Ine nditope? Ndinayamba kuyenda iwe usanabadwe," Amayi anang'ung'udza.

Kaputeni anayandikira mwamanyazi.

"Achemwali, ndingapite nawo? Ndiziyenda pambuyo. Sindiyankhula kanthu."

Achemwali anamuyang'ana nthawi yaitali. M'maso mwawo munalibe chidani, koma munalibenso kuseka.

"Lero ayi. Ndikamakuona pafupi, mtima ukumandithamanga. Ndidzakuitana ndekha ukadzatsika."

Mawu anafika pakhosi pa Kaputeni, ambirimbiri, okonzeka kale kutuluka. Anawameza onse. Anapita patsogolo, anatsegula geti, n'kuima pambali kuti adutse. Anawayang'ana akutsika ndi msewu pang'onopang'ono, Amayi akuloza kanthu kena pa mpanda wa aneba, achemwali akuyankha dzanja lili pachiuno. Anaima pomwepo atagwira geti mpaka anakhota, kenako anabwerera m'nyumba n'kuvula nsapato.