Usiku Umene Ambrose Anaperekeza Mlendo

Nkhaniyi Amalawi okhala kunja, mumzinda wa Mississauga, amaikamba motsitsa mawu, kawirikawiri pakhomo la tchalitchi ana akathamangira panja. Mwini wake, Ambrose, sakonda kuikamba. Akayamba amaimaima, ngati munthu amene akufunafunabe pamene anasokerera.

Linali Lachinayi wamba, mwezi wa Novembala. Ambrose anatuluka m'kalasi ku North York, kumene ankaphunzira madzulo akaweruka kuntchito yonyamula katundu. Kunja kunali kamphepo kolasa m'makutu. Anakweza kolala ya jekete n'kuthamangira kusitima yapansi panthaka.

Kale ulendowu ankauyenda pagalimoto. Anali ndi kagalimoto kakale, kolira ngati chigayo, koma kankamufikitsa kunyumba nthawi yabwino. Vuto linali loti kankadya. Inshuwaransi inkadya, mafuta ankadya, malo oimikapo kusukulu ankadyanso. Mwana wawo Nthanda atabadwa, Ambrose anakagulitsa. Anauza mkazi wake Mercy kuti pasitima ndalama zizitsalako, ndipo m'njira aziwerenga mabuku. Mercy anangoseka. Patapita miyezi sankasekanso. Ndalama ya pakhadi lolipirira ulendo inkasungunuka: sitima yapansi, sitima yaikulu, kenako basi. Ulendo umene galimoto inkaudula msanga unasanduka wa maola awiri, ndipo ukaphonya chimodzi waphonya zonse. Mercy ankati mwamuna wake anagulitsa galimoto n'kugula kudikira.

Usiku umenewo kuchedwa sikunali kotheka. Mercy anali atangopeza ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, ndipo sankanyamuka Ambrose asanafike kudzalandira mwana. Anali atachedwapo kale kawiri chifukwa cha sitima zomwezi. Abwana ake anamuuza mwaulemu kuti akadzachedwa kachitatu asadzavutike n'kubwera. Kuwonjezera apo, Nthanda anali atatentha thupi kuyambira masana. Mano ankamera.

Sitima yapansi inayenda bwino. Sitima yaikulu inanyamuka mochedwa, komabe inanyamuka, ndipo Ambrose anatumiza uthenga woti ali m'njira. Itafika cha ku Etobicoke inayamba kukwawa. Kenako inaima pakasiteshoni kena kamene tsiku lililonse ankangokadutsa. Mawu a pachimkuzamawu anati aliyense atsike, mabasi abwera. Chifukwa chake sanachimve.

Anthu anatsika akung'ung'udza. Basi sinabwere. Mmodzimmodzi anayamba kuimba mafoni, ndipo magalimoto a abale awo anayamba kufika, kutsegula zitseko, kuwatenga. Ambrose anayang'ana mtengo wa takisi pafoni. Unali utakwera moti unkafanana ndi mkaka ndi matewera a Nthanda a sabata yonse. Anati adikire pang'ono, mwina utsika. Analembera Mercy kuti, "Sitima aikansela pakati panjira. Ndidikireni pang'ono, ndikubwera." Uthenga utangopita, foni inathima.

Atakweza maso, pasiteshoni panalibenso munthu.

Kapena ankaganiza choncho. Kumapeto, pansi pa nyali imene inkaphethira, panali benchi. Pabenchipo panali mayi wachikulire. Anavala duku ndi chitenje, ndi juzi yopyapyala. Jekete analibe. Pambali pawo panali chikwama chachitali chomangidwa ndi chingwe.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Ambrose anachita kakasi. Chichewa cha mayiwo chinali chakumudzi chenicheni, chopanda ngakhale liwu limodzi la Chingerezi. Miyendo yake inadziwa chochita mutu usanaganize. Anayandikira, ananjuta pang'ono, anagwira dzanja lamanja ndi lamanzere n'kuyankha moni. Dzanja la mayiwo linali lozizira, koma usiku umenewo chilichonse chinali chozizira.

Anawafunsa ngati akudikira munthu. Anati ayi, ana awo atanganidwa. Anawafunsa kumene akupita. Anati si patali.

"Mundiperekezeko, bambo. Ndekha sindingathe."

Ambrose anafotokoza zonse. Anafotokoza za mwana wotentha thupi, za mkazi amene pa nthawiyo anali atavala kale yunifolomu ataima pawindo, za abwana ndi kachitatu kaja. Mayiwo anamvetsera akugwedeza mutu. Anafunsa dzina la mwanayo. Anawauza. Analibwereza pang'onopang'ono ngati akulilawa.

"Za mwana musade nazo nkhawa," anatero. Ndipo anaimirira n'kuweramira chikwama chija.

Apa m'pamene Ambrose amati sakudziwa china chimene akanachita. Iye analeredwa ku Ntcheu. Kumeneko munthu wamkulu saweramira katundu mnyamata ali chiimire. Anangozindikira chikwama chili paphewa pake. Chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera, ndipo kuzizira kwake kunalowa m'jekete mpaka kufika pafupa.

Nthawi yomweyo sitima inafika. Sanaimve ikubwera. Pachikwangwani cha magetsi sipanalembedwe kanthu. Mtima wake unadumpha ndi chimwemwe, poganiza kuti akonza, ndipo mwina Mercy angachedwe pang'ono chabe. Anagunditsa khadi pakamakina kolipirira. Kanangokhala chete. Anagunditsanso. Chete. Mayiwo anali atakwera kale, ndiye naye anakwera.

M'sitimamo munalibe munthu. Nyali zinali zofooka. Anakhala moyang'anizana, chikwama chili pakati pawo. Pofuna kuchotsa chete, Ambrose anayamba kudandaula za maulendo a kuno, mmene amadulira, mmene munthu umalipirira kuti uime pamphepo. Anati akanakhala ndi kagalimoto kake kaja bwenzi atawatula pakhomo penipeni, iye n'kukafikabe kwake nthawi ilipo. Mayiwo ankangoyang'ana manja awo.

Pawindo pankaoneka msewu waukulu. Magalimoto ankathamanga m'mizere, nyali zofiira zonse zikulowera ku Mississauga. Ambrose anaziyang'ana mpaka anazindikira chinthu. Nyalizo zinkatalikira. Sitima inkakhota kulowera kwina.

Anadikira kuti chimkuzamawu chitchule siteshoni. Sichinatchule. Anadutsa siteshoni ina yamdima, yokhala ndi benchi ndi nyali yophethira. Patapita nthawi anadutsanso ina yofanana nayo. Sanadziwe ngati ndi yomweyo. Anayesa kuyatsa foni. Anaimirira kuti akafune wogwira ntchito m'sitimamo, koma chitseko chopita kutsogolo sichinatseguke. Anabwerera n'kukhala. Anafunsa mayiwo ngati akutsimikiza kuti sitima yake ndi imeneyi.

"Tatsala pang'ono," anatero.

Kuti anakhalamo nthawi yaitali bwanji, Ambrose sadziwa. Sakumbukiranso kutsika. Chimene amakumbukira n'choti kenako ankayenda pansi, chikwama paphewa, mayiwo ali patsogolo. Msewu unali wotakata, wopanda nyumba za anthu. Mbali zonse kunali zinyumba zazitali zosungiramo katundu, zitseko zake zachitsulo zili zotseka. Ndege inadutsa pamwamba pawo, pafupi kwambiri moti pansi pananjenjemera. Mayiwo sanakweze n'komwe mutu. Ankayenda mofulumira kuposa msinkhu wawo. Mapazi a Ambrose ankamveka pamsewu. Awo sankamveka, koma iye anadziuza kuti n'chifukwa cha nsapato zansalu.

Anafika pampanda wa waya. Kuseri kwake kunali magetsi owala ndi mabokosi akuluakulu atakutidwa ndi mapulasitiki.

"Ikani apa. Mwandiperekeza, zikomo."

Anatula. Phewa linali litachita dzanzi. Mwachizolowezi anati ayende bwino, akapereke moni kwa onse kunyumba.

"Akamva," anayankha. Kenako anawonjezera, ngati munthu amene wakumbukira kanthu kakang'ono. "Mwana uja thupi lazizira, wagona. Koma mukawauze amake kuti akumufunditsa kwambiri."

Ambrose anatsegula pakamwa kuti afunse. Kuwala kwa tochi kunamumenya m'maso.

Anali mlonda. Ankamufunsa m'Chingerezi chimene akuchita pamalo a katundu wa ndege, ngati waledzera, ngati akufuna ambulansi. Ambrose anapeza kuti wakhala pansi, msana watsamira waya. Kum'mawa kunali kutayera. Chikwama panalibe. Mayi panalibe. Anafunsa mlondayo kumene kuli siteshoni imene watsikira. Mlondayo anamuyang'ana nthawi yaitali n'kumuuza kuti mbali imeneyo kulibe siteshoni, koma amuonetsa poima basi.

M'basimo sanaganize za mayi aja. Ankangoganiza za Mercy. Ntchito yatha, anatero mumtima. Kapena, Mulungu aletse, wamusiya mwana yekha. Atatsika anathamanga. Chikepe cha pamdadada wawo chinachedwa, ndiye anakwera masitepe.

Chitseko chinali chokiya. Anatsegula. M'nyumba munali zii. Nsapato za kuntchito za Mercy panalibe.

Nthanda anamupeza pabalaza. Anali atagonekedwa pansi, pabulangeti lopindidwa bwinobwino, atavala kamalaya kam'kati kokha. Ambrose anagwada n'kuika tsaya lake pachipumi cha mwanayo. Chinali chozizira bwino. Ankapuma mofatsa, kadzanja kali pakamwa. Botolo la mkaka linali litatsukidwa n'kuvundikiridwa pasinki. Anayang'ana kuchipinda, kubafa, kuseri kwa chitseko. Munalibe munthu.

Anaika foni pamoto. Itayaka, panali uthenga wa mawu wochokera kwa Mercy, wotumizidwa usiku womwewo. Ankalankhula akuthamanga, mpweya uli m'mwamba.

"Bambo a Nthanda, amayi mwawatumiza aja afika. Bwanji osandiuza kuti mwapeza munthu? Ndanyamuka, shifiti ndiipeza. Mukafika muwapatse tiyi."

Anaumvera katatu.

Mercy anafika dzuwa litatuluka, atatopa koma akumwetulira, ndipo anafunsa kuti alendo aja apita kale. Ambrose atamuuza kuti sanatume munthu, Mercy anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Kenako anaona nkhope yake. Anakhala pansi, chikwama chake cha kuntchito chili m'manja.

Mercy anafotokoza kuti ali pafupi kulira ndi kuchedwa, anamva "Odi" pakhomo. Anatsegula. Mayi wachikulire, wa duku, anamupatsa moni n'kumuuza kuti bambo a Nthanda awanyamulira katundu, ndiye iwo abwera kudzagwira mwana. Anamutchula mwanayo dzina. Nthanda, amene amalira akaona mlendo, anapita yekha m'manja mwawo.

Ambrose anafunsa ngati anawafunsa dzina. Mercy anati ayi. Anafunsa kuti analowa bwanji pachitseko cha pansi pa mdadada popanda kiyi, popanda kuliza belu. Mercy anati sanaganizeko.

"Munthu wamkulu ngati mayi anga, wolankhula Chichewa chakwathu, ndikanamufunsa chitupa?" anatero Mercy. "Nanga inu, munanyamuliranji katundu wa munthu wosamudziwa?"

"Nanga ndikanawasiya?"

Anayerekeza nthawi. Pamene Mercy ankatsegula chitseko, Ambrose anali m'sitima, mayiwo ali patsogolo pake. Mercy anamunyamula Nthanda, anamuvula, anamuyang'ana thupi lonse mpaka kuseri kwa makutu. Panalibe chilichonse. Mwanayo ankangoseka n'kumukoka tsitsi.

Sanauze munthu kupatula mayi Christabel, mnansi wawo wa ku Zambia, ndipo pofika Lamlungu tchalitchi chonse chinali chitamva. Mapemphero atatha, mayi Christabel anawakokera pakona.

"Manje imwe simunamvele za amake Lameck?"

Ambrose ankamudziwa Lameck patali, bambo wa ku Etobicoke amene sankabwera kawirikawiri. Mayi ake anachokera ku Malawi kudzathandiza kulera zidzukulu, ndipo anamwalira mwezi wapitawo. Anthu anasonkha. Zimene anasonkhazo zinakwanira bokosi ndi malo ake m'ndege yopita ku Malawi, koma tikiti ya munthu wopita nalo sinapezeke. Lameck analisainira masana a Lachinayi n'kubwerera kuntchito akulira. Bokosilo linagona lokha kumalo a katundu wa ndege, ndipo linanyamuka m'bandakucha wa Lachisanu.

Mayi Christabel anatsitsa mawu. Anati kwathu konse, ku Malawi ngakhale ku Zambia, maliro sitiwasiya kuti ayende okha, pamafunika wina wowaperekeza. Ena amene anali pafupi anavomereza. Ena anati Ambrose anangogona m'basi yolakwika chifukwa cha kutopa, ndipo mayi anafika kunyumba aja ndi wina wa m'mdadada womwewo amene tsiku lina adzapezeka. Mkulu wina wa mpingo anati apemphere basi, zina n'zosafufuza.

Ambrose anaima pamenepo, Nthanda ali pamkono, osadziwa ngati ayenera kuthokoza kapena kuopa. Ntchito ya Mercy inali ilipo. Mwana anali bwino. Paphewa pake panali mzere wa chingwe umene unali usanathe.

Kenako anaona Lameck akubwera. Anali atamva. Anamugwira Ambrose dzanja nthawi yaitali, maso ali ofiira. Ndiye anatulutsa foni, anafufuza chithunzi cha mayi ake, n'kuitembenuza.

"Achimwene, tangoonani. Ndi awa?"

Ambrose anayang'ana kumbali. Mercy anayang'ana pansi. Palibe mwa iwo amene anafuna kudziwa.

Koma Nthanda anayang'ana. Anasiya kuyamwa chala. Anamwetulira mpaka timano take tiwiri tinaonekera, ndipo anatambasula manja onse awiri kulozetsa pachithunzicho, ngati mmene amachitira akafuna kuti munthu amunyamule.